Galimoto Yowerenga Mapazi Ake

1. Mlandu wa pabampala

Pagalaja pamene Namagetsi ankaphunzira ntchito panali lamulo losalembedwa: wophunzira sakhudza kompyuta yoyezera magalimoto mpaka atatha miyezi itatu akutsuka masipanala. Iye anali atatsuka miyezi inayi, ndipo palibe amene ankaoneka kuti akuwerenga. Anali mtsikana wa zaka 17, wochokera kusukulu ya ntchito zamanja. Dzinalo anam'patsa ndi amakaniko, chifukwa tsiku loyamba lenileni anam'peza atalowetsa mutu kunsi kwa chiwongolero cha galimoto ya eni ake, akulondola mawaya popanda wom'tuma.

Bambo ake anali ndi kashopu ka matayala kumapeto kwa msewu womwewo. Loweruka lililonse ankakawathandiza, kotero fungo la mphira ankalidziwa kuposa la mafuta odzola.

Lachiwiri lina m'mawa pageti panalowa galimoto yoyera, yaitali, yoyenda mwakachetechete moti galu wa pagalajapo sanavutike n'kudzutsa mutu komwe. Namagetsi anaizindikira. Masabata awiri m'mbuyomo inabwera kushopu ya bambo ake kudzasintha matayala. Tsiku limenelo dalaivala wake, bambo wa imvi za m'mbali, ankaseka ndi aliyense. Lero anatsika chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

Kumpando wakumbuyo kunatsika mayi mwini galimotoyo. Anatambasula dzanja osayang'ana, dalaivala n'kuikamo makiyi.

"Mkulu wa pano ndani?" anafunsa mayiyo.

Anatulukira a Khutu, mkulu wa amakaniko, akupukuta manja ndi kansalu. Ankawatchula choncho chifukwa ankatha kumva vuto la injini galimoto isanalowe pageti, ngakhale akazi awo ankati kunyumba samva chilichonse.

"Kuruzi ya galimoto iyi ikumazima yokha," anatero mayi aja. "Dzulo kanali kachitatu. Tinali kumbuyo kwa lole pamsewu waukulu, mwana wanga ali pambali panga. Lole ija itachepetsa liwiro, galimotoyi siinagwire buleki monga imachitira. Tinatsala pang'ono kulowa kunsi kwake."

Kuruzi ndi nzeru ya magalimoto amakono. Dalaivala akadina batani, galimoto imayenda yokha pa liwiro limene waiuza. Ikaona ina kutsogolo imachepetsa yokha, njira ikatseguka imawonjezera yokha. Diso lake ndi kabokosi kotchedwa rada, kobisika kuseri kwa bampala.

Mayi aja analoza pokalika pabampalapo, potalika ngati chala.

"Bambo awa akuti sanagunde kanthu. Ine ndikuti anagunda, anawononga rada, n'kundibisira. Ndibwera 3 koloko. Mukapanda kundionetsa chifukwa china, ntchito yawo ithera pompano. Munthu wobisa ngozi sangamandinyamulire mwana."

"Pamenepo mpakale, mayi," anatero dalaivala chapansipansi. "Ndi kangolo ka m'sitolo."

Mayi aja anatembenuka. Anapereka makiyi kwa a Khutu n'kutuluka pageti akuimba foni.

2. Cholembera cha Changu

Kompyuta ya pagalajapo inali ndi mwini wake, mnyamata wotchedwa Changu, amene ankadya ali chiimire ndipo ankamaliza ziganizo za anthu ena. Analumikiza kompyutayo kunsi kwa chiwongolero, anayang'ana kamodzi, n'kutenga khadi ya ntchito.

"Kuruzi yazima chifukwa cha uthenga wosagwirizana," anawerenga. "Bampala yokalika, rada kuseri kwake. Nkhani yatha iyi. Rada inagundidwa."

Cholembera chinali chitayamba kale kuyenda pamene a Khutu anagwira khadiyo ndi zala ziwiri.

"Taima kaye, Changu. Nawenso Namagetsi bwera pafupi, masipanalawo sathawa."

Anakhala pampando wawo wothyoka mkono, ndipo onse anadziwa kuti nkhaniyo siitha msanga.

"Ine ndinayamba ntchito ino magalimoto alibe kompyuta. Nthawi imeneyo tikalakwitsa tinkataya chitsulo chabwino n'kuikapo china. Zinkawawa, koma chitsulo chilibe ana. Lero pakhadi iyi sukulemba za chitsulo chokha. Panja apo pakhala munthu, ndipo cholembera chakocho chili pakhosi pake. Kompyuta yakuuza kuti kuruzi yalandira uthenga wosagwirizana. Siinakuuze kuti uthengawo wachokera kuti. Dzina la rada waliwonjezera ndiwe, chifukwa maso ako aona pokalika paja, mtima n'kukhala pansi.

"Chizolowezi chimenecho n'choopsa. Makaniko amene amayamba ndi yankho amangoona zokhazo zogwirizana ndi yankho lakelo. Ndinachitapo ine ndili msinkhu wako. Ndinanena kuti dalaivala wina wa basi ankawotcha kilatchi ndi phazi lake lolemera. Anam'chotsa ntchito tsiku lomwelo. Mwezi usanathe kilatchi yatsopano inapsanso, basiyo ili ndi dalaivala wina. Vuto linali pa chitsulo china chimene sindinachiyang'ane n'komwe. Munthu uja ndinam'funafuna kuti ndipepese, ndipo mpaka lero sindinam'peze. Ndiye pagalaja pano, ine ndikali moyo, sitilemba mlandu wa chinthu kapena wa munthu tisanayeze."

Changu anakanda m'mutu ndi cholembera chija. Sanali mnyamata woipa, kungoti zinthu zoyenda pang'onopang'ono zinkamuyabwa.

"Tikaiyese pamsewu," anatero a Khutu. "Namagetsi, nyamula kompyutayo."

Namagetsi anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwake kuli Namagetsi wina. Kenako anathamangira pampopi n'kusamba m'manja kawiri, ndi sopo.

3. Manambala anayi

Pamsewu waukulu a Khutu anafikitsa liwiro pa 80, anadina batani pachiwongolero, n'kuchotsa mapazi onse awiri pa zopondera. Anawapinda bwinobwino ngati munthu amene akudikira tiyi. Galimoto inapitiriza ulendo yokha.

"Ndiwerengere zimene rada ikuona," anatero.

Kutsogolo kunali basi. Pakompyuta panali nambala imene inkasintha mosalekeza.

"Mamita 96. Tsopano 80. Tsopano 61."

Namagetsi anamva galimoto ikudzigwira yokha, mofatsa, popanda phazi la munthu. Nambala ija inatsika mpaka 45 n'kuima pomwepo. Basi ikathamanga pang'ono, nayonso inkathamanga. Basi ikafooka pachitunda, nayonso inkafooka. Thupi lonse la Namagetsi linachita tsembwe. Anali atawerengapo za zimenezi kusukulu, koma za m'buku sizikhudza msana.

"Ikuona bwanji?" anafunsa monong'ona.

"Kabokosi kaja kamaponya mafunde osaoneka. Amakagunda basiyo n'kubwerera, iko n'kuwerengera nthawi imene atenga. Kamachita zimenezi kambirimbiri iwe usanaphethire kamodzi." A Khutu anapukusa mutu. "Ndayendetsa zoterezi zaka zingapo tsopano, koma nthawi iliyonse ndimafuna kuvula chipewa."

Anayenda choncho mphindi zisanu. Kenako kabelu kanalira, kuruzi n'kuzima. A Khutu anabweza phazi pa buleki.

"Rada ikuti chiyani?"

"Mamita 45. Siinasinthe."

Anayesanso kachiwiri, zinachitika zomwezo. Pobwerera galimoto inadumpha pakabampu, chala cha Namagetsi n'kuterereka pakompyuta. Tsamba la rada linachoka, panabwera lina limene anali asanalionepo. Panali chithunzi cha galimoto ndi matayala ake anayi, tayala lililonse lili ndi nambala yakeyake.

Anachita kakasi. Galimoto ija siinkangoona kutsogolo kokha. Inkawerenganso mapazi ake, lililonse palokha, ulendo wonsewo.

Akutsogolo ankati 80 ndi 80. Akumbuyo ankati 83 ndi 83.

Poyamba anafuna kuseka. Kumbuyo kwa galimoto kungathamange bwanji kuposa kutsogolo kwake? Ndiye kuti pofika kugalaja ikhala itadzipitirira yokha. Koma kuseka kuja kunathera pomwepo. Matayala akumbuyo ndi amene anasinthidwa kushopu ya bambo ake, ndipo amene anawagubuduza kuchokera pashelefu anali iyeyo.

Anabweza tsamba la rada mofulumira.

"Waona china?" anafunsa a Khutu, maso ali pamsewu.

"Rada ikuwerenga bwino."

Limenelo silinali bodza, koma aliyense amene anabisapo kanthu akudziwa mtundu wa choonadi chimenechi.

"Ndiye zativuta," anatero a Khutu. "Rada yogundidwa nthawi zina imawerenga bwino n'kumalakwitsa mwa apo ndi apo. Sindinganene kuti bambo aja anagunda. Komanso ndilibe choonetsa mayi aja kuti sanagunde, ndipo mayi aja sakubwera kudzamva kaya."

4. Nambala yapakati

Nthawi ya chakudya chamasana amakaniko anabalalika. Namagetsi anatsala, n'kukanjuta pafupi ndi tayala lakutsogolo. Anapukuta fumbi ndi chala. Panalembedwa 225/65 R17. Anasunthira kumbuyo. Panalembedwa 225/60 R17.

Nambala yoyamba imanena kukula kwa tayala m'lifupi. Yomaliza imanena kukula kwa limu, chitsulo chimene tayala limavala. Yapakati imanena kutalika kwa khoma la tayala kuchokera palimu kufika pansi. Poyang'ana ndi maso matayalawo anali ofanana: kampani imodzi, mizere imodzi, kuda kumodzi. Koma akumbuyo anali aafupi pang'ono, ndipo tayala lalifupi liyenera kuzungulira kambiri kuti lifike pamene lalitali lafika.

Loweruka lija analikumbukira bwinobwino. Pashopu panali magalimoto atatu, aliyense akufulumira. Kumashopu a matayala anthu amatchula tayala ndi nambala yomaliza yokha, ndipo bambo ake anaitana ali pansi ndi jeke: "Seventini awiri, mwana wanga, tuu tuu faifi." Iye anapeza 225, anapeza 17, n'kugubuduza. Yapakati sanaiyang'ane. Bambo akenso sanaiyang'ane, chifukwa maso awo anayamba kuvutika ndi tizilembo ting'onoting'ono, ndipo ankakonda kuuza makasitomala kuti mwana wawo wa kusukulu salakwitsa nambala.

"Ukuyendera ntchito ya bambo ako?"

Namagetsi anadzidzimuka. Anali dalaivala uja, ataima ndi buledi wake wosaluma.

"Usadandaule, ndi ntchito yabwino," anapitiriza. "Matayalawa akugwira msewu ngati chiyani. Bambo ako ndi munthu wa manja abwino."

Anakhala pabenchi, n'kunyema buledi uja pakati. Mbali ina anapatsa Namagetsi, ndipo iye analandira chifukwa chosowa pothawira.

"Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndi banja limeneli. Mwana wa mayi aja ndinam'tenga ine kuchipatala ali wakhanda. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono mpaka akumbuyo ankandilizira mahutala. Lero amandifunsa masamu ali kumpando wakumbuyo, ndipo ambiri ndimalephera. Mayi aja sindikuwada, iyayi. Anachita mantha, ndipo kholo likachita mantha limafuna munthu woti limuloze.

"Chondiwawa si ntchito yokha. Ndi dzina. Ukachoka pamalo ndi dzina loti wobisa ngozi, dzinalo limakafika kulikonse iwe usanafike. Ukagogoda pakhomo lina, upeza lakhala kale pampando. Palibe amene adzandipatsenso mwana wake kuti ndimuyendetse, ndipo ntchito ina ine sindiidziwa. Iwe ukadali wamng'ono, mwana wanga, ndiye tamvera. Pantchito ino ukhoza kutaya sipanala, ukhoza kutaya chala kumene, n'kupitiriza. Koma anthu akangoleka kukhulupirira mawu ako, ngakhale utadziwa mawaya onse a padziko, watha."

Anayang'ana buledi wake, n'kumubweza m'pepala.

"Chimene ndikusowa ndi choti ndikanene kunyumba madzulo ano."

Namagetsi anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Anaimirira n'kupita pageti. Kuchokera pamenepo chikwangwani cha shopu ya bambo ake chinkaoneka kakang'ono kumapeto kwa msewu, tayala lakale lopakidwa penti yoyera. Kashopu kameneko kankadalira anthu ouzana okhaokha kuti bambo aja salakwitsa. Anaima pamenepo kanthawi ndithu. Wotchi ya muofesi inali itadutsa 2 koloko.

Kenako anatembenuka n'kupita kumene a Khutu ankamwera tiyi.

5. Choko ndi tepi

Anawauza zonse ali chiimire: tsamba la manambala anayi, nambala yapakati, Loweruka lija, ndiponso kuti m'galimoto muja anaona koma anabisa. Sanasiye kanthu.

A Khutu sanakalipe. Anaika kapu pansi, anapita kugalimoto, anagwada movutikira n'kuwerenga okha matayala onse anayi. Podzuka nkhope yawo inali ikuwala ngati ya mwana.

"Tsiku lonse tayang'ana diso, pamene vuto lili kumapazi," anatero. Kenako anam'yang'ana Namagetsi. "Kubisa kuja n'kolakwika, ndipo tidzakambirana. Za manambala ndinena ine kwa mayi aja. Za amene anaika matayalawa sindikukakamiza. Pakamwa ndi pako."

Mayi aja anafika 3 koloko yeniyeni. Anapeza galimoto yawo itaimikidwa kumapeto kwa bwalo la galaja, amakaniko onse ataizungulira. A Khutu anawapatsa choko.

"Mayi, ndikakuonetsani pakompyuta muganiza kuti ndi matsenga athu amakaniko. Ndiye lembani nokha. Mzere umodzi patayala lakutsogolo, pamene lagunda pansi. Wina patayala lakumbuyo, chimodzimodzi."

Mayi aja anawayang'ana mokayika, koma anapinda siketi yawo yodula n'kulemba mizere iwiriyo.

"Tsopano tiikankha. Matayala akakhala ofanana, mizereyi izifika pansi nthawi imodzi, ngakhale titakankha mpaka mawa. Namagetsi, uziwerenga wakutsogolo. Tiima pa khumi."

Changu anakhala pachiwongolero n'kuichotsa m'giya. Ena onse anagwira kumbuyo, ndi dalaivala yemwe, malaya ake oyera osawasamala. Galimoto inayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Kamodzi," anawerenga Namagetsi. "Kawiri. Katatu."

Mayi aja ankayenda m'mbali mwa tayala lakumbuyo, maso ali pachoko chawo. Pofika kachisanu anachepetsa mayendedwe n'kuwerama. Pabwalo ponse pankangomveka timiyala tikuphwanyika kunsi kwa matayala.

"Kakhumi."

Changu anaponda buleki. Mzere wakutsogolo unali pansi penipeni. Wakumbuyo unali utadutsa pansi kalekale n'kukwera mbali inayo, mpaka kupitirira pakati pa tayala. Aliyense ankauona, woyera mbee pamphira wakuda.

A Khutu anayala tepi potsatira tayalalo, kuchokera pansi kufika pamzere. "Masentimita 70 pa maulendo khumi. Ndiye kuti asanu ndi awiri pa ulendo umodzi."

Mayi aja anatambasula zala ziwiri kuti aone kutalika kwake. Sikunafike ngakhale pa utali wa kiyi ya galimoto.

"Kameneka?" anafunsa. "Ndipo galimoto inamva?"

"Inamva, mayi. Pa liwiro la handiredi tayala ili limazungulira kakhumi ndi kawiri pa sekondi imodzi. Kuseri kwa tayala lililonse kuli kachipangizo kowerenga kuzungulira konseko, kosaphonya ndi kamodzi komwe. Kuruzi isanagwire buleki kapena kuwonjezera moto, imafunsa kaye mapazi ake anayi kuti tikuyenda bwanji. Apa awiri ankati 80, awiri ankati 83. Poyamba imapirira, poganiza kuti mwina ndi pokhota kapena msewu woterera. Zikapitirira imaona kuti siikudziwanso liwiro lake lenileni, ndiye imaliza kabelu n'kubwezera ulendo kwa dalaivala. Siinawonongeke galimotoyi. Inangokana kuyendetsa anthu ndi nambala imene siikuikhulupirira. Ndipo tsiku la lole lija, amene anagwira buleki pa nthawi yake ndi bambo awa."

Makaniko wina anagwira pakamwa. Changu anatsika, anayang'ana mzere wa choko uja nthawi yaitali, kenako anatulutsa khadi m'thumba n'kufufuta zimene analemba m'mawa.

Namagetsi, ngakhale mtima unali m'mwamba, analephera kuchotsa maso pa tayalalo. Iye ndi maso ake awiri sanaone kusiyanako, bambo ake ndi zaka zawo zonse sanaone, koma chinthu chachitsulo chinamva chili pa liwiro.

6. Amene anagubuduza matayala

A Khutu anabweza makiyi kwa mayi aja. Mayiwo anatembenukira kwa dalaivala, makiyi ali m'dzanja, nkhope itayamba kufewa.

"Ndiye matayala olakwikawa anaika ndani? Munapita nayo kuti?"

Dalaivala anayang'ana Namagetsi mwachidule, kenako pansi. Tsopano anali atamvetsa chifukwa chimene mtsikanayo analepherera kudya buledi uja.

"Malo ake ndaiwala, mayi. Mashopu a matayala ndi ambiri."

Munthu wosazolowera kunama akanama amaonekera patali. Dzanja la makiyi lija, limene linali litayamba kutambasuka, linabwerera.

"Mwaiwala? Inu amene mumakumbukira bampu iliyonse ya m'tauni muno? Ndimati ndakulakwirani, koma ndikuona kuti kubisa mumakudziwa ndithu."

"Sanaiwale, mayi."

Onse anacheuka. Namagetsi anali atatuluka pakati pa amakaniko.

"Akufuna kutiteteza. Shopuyo ndi ya bambo anga, ili kumapeto kwa msewu uno. Matayalawo ndinawatulutsa ndine. Ndinawerenga nambala yoyamba ndi yomaliza, yapakati sindinaiyang'ane. Bambo anga anandikhulupirira, a dalaivala anakhulupirira bambo anga. Wolakwa ndine."

Mayi aja anam'yang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ndipo wapeza vutoli ndani?"

"Yemweyo," anayankha a Khutu.

"Ukudziwa kuti mwana wanga akanafa?"

"Ndikudziwa, mayi."

Misozi inali itayamba kutsika, ndipo sanaipukute chifukwa manja anali akuda ndi fumbi la tayala.

Mayi aja anapuma mozama. Anapita pamene dalaivala anaima n'kumuikira makiyi m'manja.

"Bambo, ndinakutchulani wabodza pamaso pa anthu awa, ndiye ndikupepesa pamaso pa anthu omwewa. Mundikhululukire. Mawa mukam'tenge mwana kusukulu monga mwa masiku onse."

Dalaivala analandira ndi manja awiri. Anangovala chipewa chake n'kuyamba kupukuta fumbi pamalaya, pamalo amodzimodzi, mobwerezabwereza.

"Iwe," anatero mayi aja kwa Namagetsi, "khala kutsogolo. Ukandionetse shopuyo. Ndikufuna kuonana ndi munthu amene amamanga matayala pagalimoto yonyamula ana osawawerenga."

Namagetsi anayang'ana a Khutu.

"Pita," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Ndipo ukayambe ndiwe kuyankhula. Bambo ako asamve nkhani imeneyi kuchokera pakamwa pa munthu wina."

Ulendowo unali waufupi kwambiri. Namagetsi ankalakalaka msewuwo ukanatalika, koma anangodutsa sitolo ya utoto, malo otsukira magalimoto ndi kanyumba ka wosoka nsapato, n'kufika.

Bambo ake anali panja, atawerama pa tayala la lole ndi chitsulo chokanulira. Atamva galimoto ikuima anadzutsa mutu, anatsinzinira pang'ono kuti aone bwino, ndipo anazindikira mwana wawo atakhala kumpando wakutsogolo. Nkhope yonse inamasuka. Anaponya chitsulo pansi, anapukuta manja paovolosi, n'kukodola mnzawo wosoka nsapato kuti abwere adzaone.

"Mwandibweretsera makasitomala akuluakulu lero, mwana wanga?" anafunsa akuseka, akuyandikira pawindo.

Dalaivala anazimitsa injini. Namagetsi anatsegula chitseko n'kutsika.

"Ababa," anatero, "tabwerani kuno kaye. Ndikufuna ndikuwerengereni nambala ina."